Kamuvi Kosasuntha

Magetsi atafika ku Entre Lagos, ife eni mabaraka asanu ogulitsiramo malonda, tonse obwerera kuchokera ku Malawi, tinagwirizana kukoka moto pa kwadro imodzi, bokosi lija la zitsulo zamkuwa zogawira magetsi. Mmisiri wa magetsi anati tiikepo kontadolo yoonetsa kulemera kwa moto umene zitsulozo zasenza. Anzanga anatuma ine kokagula, poti pa kunenerera mtengo ndinalibe mnzanga.

Ndinanenerera mpaka wogulitsa anatopa nane. "Tengani iyi, bambo, ndiyo ya mtengo wanuwo," anatero. Ndinabwerako mapewa ali m'mwamba.

Sabata isanathe ndinaona kuti kamuvi ka kontadoloyo sikasuntha. Ndinkakagogoda ndi chala anthu akayang'ana kumbali. Kenako che Saide, ogulitsa nsomba, anandifunsa ngati angalumikize jelera yoziziritsira nsomba imene anagula atagulitsa njinga yawo.

"Malo alipo, che Saide. Taonani, kamuvi kakadali pansi."

Zitsulo zinapsa Lachisanu masana, jelera inapsera limodzi, nsomba zinawola. Anthu anatukwana mmisiri, inenso ndinathandizako.

Lero che Saide amasenza dengu pamutu kuchokera kunyanja. Akamadutsa amandipatsa moni mwaulemu, ine ndimayankha bwinobwino, ndipo ndikudziwa kuti sindidzawauza.