Amene Ankamuchapira Mlakatuli

Madamu amene ndinkawagwirira ntchito ku Dubai Marina ankaphunzitsa zolembalemba pa yunivesite. Ine ndinkalera ana awo awiri, kuphika ndi kuchapa. Chaka chimenecho mtima wawo wonse unali pa mayi wina wolemba ndakatulo amene anamwalira zaka zoposa mazana atatu zapitazo.

Nkhani yake ankandiuza ine, chifukwa amuna awo anali atatopa nayo. Mayiyo anali wa Apyuritani, Akhristu okhwimitsa malamulo zedi. Anachoka ku Mangalande pa sitima ya pamadzi ali wamng'ono, kukakhala ku Amerika. Kumeneko anabereka ana asanu ndi atatu, ankadwaladwala, nyumba inamupsera, koma ankalembabe. Mlamu wake ndiye anakasindikiza ndakatulozo, ndipo anayamba watsimikizira owerenga kuti mayiyu sankanyalanyaza ntchito za pakhomo.

Tsiku lina m'mawa madamu ankakonzekera kukakamba za mlakatuliyo pa msonkhano. Anandipeza kukhitchini, wamng'ono ndili naye kumbuyo, ndikusita malaya a wamkulu.

"Ana eyiti!" anatero. "Ine awiri okhawa mutu waima. Nthawi ankaipeza kuti?"

"Kodi madamu, analibe wantchito?" ndinafunsa, osaganiza n'komwe.

Anapita kukadzitsekera kuchipinda kowerengera. Anatuluka masana nkhope ili yowala. Anali atapeza kuti mlakatuliyo anali mwana wa bwanamkubwa, ndipo antchito analipo pakhomopo. Mayina awo sanawapeze.

Nkhani yonse anailembanso. Kwa masabata awiri sankafuna phokoso m'nyumba, choncho ana ndinkawatengera pansi kukawayendetsa m'mbali mwa madzi, dzuwa likuswa mtengo. Lamlungu limodzi sindinapite kutchalitchi. Mutu watsopano wa nkhaniyo unali wonena za amayi oiwalika amene amagwira ntchito kuti anzawo alembe.

Kumsonkhano anawaombera m'manja kwambiri. Atabwerako anandikumbatira, n'kundipatsa kope lachikopa, lokongola, ndi cholembera chake.

"Nawenso uzilemba ndakatulo. Uli ndi diso," anatero. "Yalla, fulumira, ana asambe, alendo akubwera sikisi koloko."

Ndinathokoza ndi manja awiri. Ndakatulo sindinalembepo ndi imodzi yomwe, ndipo sindinkazifuna. Kopelo ndinapatsira mnzanga amene ankapita kumudzi, kuti akapatse mwana wanga wamkazi ku Balaka. Anali Fomu 2 nthawi imeneyo, akuleredwa ndi mchemwali wanga. Analembamo manotsi a Bayoloje mpaka linadzaza.