Njinga Imene Anandisankhira Alamu Anga

Kwathu kwa Katunga mwana amadziwa njinga asanadziwe kulemba dzina lake. Dziko lake ndi lathyathyathya ngati mphasa, moti ukapalasa kawiri umapuma, njinga n'kumangopita yokha. Ine ndinkanyamulira pa njinga zigubu za madzi, nkhuni, ngakhale apongozi anga popita nawo kuchipatala. Choncho nditapeza ntchito yophika phala pa sukulu ina yamkaka ku Blantyre, sindinaganizepo kuti chinthu chodzandichititsa manyazi chingakhale njinga.

Ntchitoyo ndinkaifuna ndi mtima wonse. Madzi anali atatikokolera chimanga kudimba zaka ziwiri zotsatizana, ndipo amuna anga, amene amadula nzimbe ku esiteti, ntchito yawo ndi yanyengo. Iwo anavomera kuti ndipite, koma anavomera ngati akumeza mankhwala owawa. Abale awo ndiye sanabise n'komwe. Ankati mkazi wolowoledwa sakhala yekha m'tauni, ndipo zikakandikanika ndidzabwerere mwaulemu, khasu langa andisungira.

Nyumba ndinaipeza kwa Manase, sukulu ili kumtunda chakuphiri la Soche. Mayi mwini sukulu anandiuza mawu amodzi okha, akuti ana asanalowe m'kalasi phala likhale litapsa. Kukwera minibasi tsiku ndi tsiku kukanandidyera malipiro onse, ndiye ndinagulitsa mbuzi zanga ziwiri kuti ndigule njinga. Apa ndi pamene analowererapo alamu anga, akulu awo a amuna anga, amene amakonza njinga pansi pa mtengo wa nimu pamsika. Kwathuko pa nkhani ya njinga palibe amawatsutsa. Anadzipereka okha kundiperekeza ku Nchalo, ine n'kumati ndapeza mlamu wachikondi.

M'sitolo muja maso anga anagwera pa kanjinga kobiriwira, kopanda mtanda pakati, kokhala ndi magiya. Ndinakanyamula ndi dzanja limodzi. Alamu anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Nkhabe, ayi ndithu mlamu, icho ndi chidole cha ana a mabwana. Magiya akathyoka mukawapeza kuti? Njinga ndi iyi."

Anamenya chishalo cha chinjinga chakuda, cha mtanda, cha kaliyala woti n'kugonekapo nkhumba. Anati chimenechi chidzafika mpaka kwa zidzukulu zanga. Titafika nacho pansi pa nimu paja, anachotsa buleki yakutsogolo monga amachitira aliyense kwathu, poti mumchenga buleki imeneyo imakugwetsa chamutu. Sipanala ndinawagwirira ndine, ndipo atamaliza ndinagwada n'kunena kuti takhuta, zikomo wakwathu. Ndikakumbukira kugwada kumeneko mpaka lero mtima umandiwira.

Ine Blantyre ndinkamudziwira pawindo la minibasi, ndipo pawindo chitunda sichipweteka. Koma alamu amapita ku Limbe mwezi ndi mwezi kukagula masipoko ndi machubu. Zitunda zimenezo ankazidziwa bwino lomwe.

Tsiku loyamba ndinapalasa mpaka pothera msewu wosalala, kenako chinjinga chija chinangoti njo, kukana. Ndinaimirira pa mapedulo, chitenje chinakodwa pa mtanda, ndinatsika. Ulendo wonse wotsala ndinachikankha, thukuta lili kamukamu. Ndinafika ana akuimba kale nyimbo, moto ndisanakoleze. Mawa lake ndinalawira kwambiri, koma ndinafika miyendo ikunjenjemera, moti phala linachita mibulu. Kuyenda wapansi kukanakhala bwino kusiyana n'kuyenda wapansi utanyamulanso chitsulo.

Pobwerera ndi pamene panali imfa. Tsiku lina kutagwa mvula, ndinagwira buleki yanga imodziyo koma tayala linangoseleleka. Ndinachita zakwathu, kuponda tayala ndi patapata. Patapata inauluka. Ndinakathera m'ngalande pafupi ndi benchi ya tomato, bondo litasupuka, dzino lakutsogolo litabenthuka. Amayi ogulitsa tomato anandidzutsa akundimvera chisoni, koma mmodzi atayang'ana njingayo anandifunsa ngati kwathu kuli munthu amene ndinamulakwira.

Lolemba lotsatira mwini sukulu anandiitanira pambali. Sanakalipe, anangoti ndikachedwanso kamodzi ayang'ana wina. Ndinaimbira alamu kuwafotokozera zonse. Anandiyankha mawu ali myaa, akuti njinga ilibe vuto, vuto ndi miyendo ya munthu wamkazi, ndipo palibe chamanyazi kubwerera kwanu. Sanandifunse n'komwe za dzino.

Amene anandipulumutsa ndi mnzanga wosesa pasukulupo, mayi wa ku Ndirande amene wakhala akupalasa m'zitundamo zaka zambiri. Anapempha anzathu kuti chipereganyu cha mwezi umenewo ayambire ine, n'kunditengera kwa ogulitsa njinga zakaunjika ku Limbe. Iye sankayang'ana utoto. Ankandiuza ndikhale pa chishalo aone ngati zala zakuphazi zikufika pansi, ndikwere nditavala chitenje changa chomwecho, ndinyamule njingayo ngati ndikuolotsa ngalande. Mabuleki onse awiri anawafinya yekha, n'kukana njinga zitatu chifukwa cha zimenezo. Tinatenga yotuwa, yokalikakalika, ya matigadi ndi kabasiketi kutsogolo. Loweruka lonse anandiphunzitsa kutsitsa giya chitunda chisanayambe, osati chitandigwira kale pakhosi. Lolemba phala linapsa ana asanafike, ndipo ndinakhala pa mpando kudikira.

Munthu wabwino akanathera pomwepo. Ine si munthu wabwino choncho, ndipo lilime langa likakhudza dzino lobenthuka lija ndinkakumbukira. Za njinga yatsopano sindinauze aliyense kumudzi. Ndinadikira mpaka mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, tsiku limene alamu anabwera kudzagula katundu wawo. Ndinawaimbira ndi mawu a munthu wogonja, kuwapempha kuti adzandionetse kapalasidwe kake ka njinga yawo ija kamodzi kokha, zikakanika ndilongedza. Anabwera msangamsanga, atavala jekete lawo lakutchalitchi.

Ndinawaphikira mpunga wambiri ndi nyemba, n'kuwaonjezera kawiri. Masana enieni ndinawatulutsira chinjinga chawo. Kutsetsereka sindinawapatse, sindinkafuna maliro. Ndinawalozera njira yanga yakuntchito, n'kunena kuti atsogole, ine ndibwera pambuyo. Atangokhota, ndinatulutsa yotuwa ija kwa aneba kumene ndinaibisa.

Ndinawapeza pamalo pomwe paja chinkandikanira ine. Anali ataimirira pa mapedulo, mitsempha ya m'khosi ili panja, njinga ikupita uku ndi uku ngati yaledzera. Kenako phazi linatera pansi. Amayi a tomato aja ndinali nditawatsina khutu dzulo lake, ndiye anali atakhala mondandalika ngati akuonera mpira. Ndinatsitsa giya, ndinaliza belu kawiri, n'kuwadutsa nditakhala pa chishalo mwaufumu. Kuseka kumene kunabuka kumbuyo kwanga kunandikoma kuposa nyama. Ndinakafika pamwamba, ndinatembenuka, ndinatsika bwinobwino ndi mabuleki anga awiri, n'kuwadutsanso kachiwiri pokwera.

Ulendo wachitatu ndinawapeza atakhala pamwala, jekete lili pamaondo, akupuma wefuwefu. Ndinaima n'kuwafunsa mwaulemu ngati vuto ndi miyendo. Sanandiyang'ane. Anapempha madzi, ndinawapatsa, poti madzi samana ngakhale mfiti. Atamwa anayankhula motsitsa, kuopa amayi aja.

"Mlamu, musandide ine ndekha. Ndinkadziwa kuti siingakwere kuno. Mng'ono wanga ndi amene anandipempha. Anati ndikusankhireni yoti ikutopetseni, mwezi usanathe mubwerere."

Chisangalalo chonse chija chinandithera pomwepo. Amuna anga omwe, bambo amene anandinyamulira chikwama mpaka pa siteji, amene ndinkawaimbira ndikulira za bondo langa iwo n'kumati pepa, limba mtima, ndiwo anali eni ake a nkhaniyi. Ndinafunsa ngati za buleki ankazidziwanso. Alamu anati ayi, zimenezo palibe anaziganizira, anangochotsa mwachizolowezi. Mwina ankanena zoona. Kwa ine sizinasinthe kanthu, chifukwa dzino silimeranso.

Ndinawauza kuti njingayo atsike nayo kumudzi, akaipereke m'manja mwa mng'ono wawo pamaso pa apongozi, ndi uthenga wanga osachotsapo liwu. Ukwati sindinauthetse ndipo sindikufuna wina. Koma ngati akundifuna, akwere njinga imene anandisankhirayo, aoloke Shire, akwere nayo zitunda zonse za Thabwa mpaka pakhomo panga, ndidzawalandira ndi madzi osamba. Ine kumudzi sinditsikako kukagwira khasu.

Patatha milungu iwiri amuna anga anabwera pa minibasi, atanyamula nsomba zouma ndi nkhope yachisoni. Ndinasuzumira kumbuyo kwawo, ndinafunsa kuti njinga ili kuti. Anayamba kuseka poganiza kuti ndi nthabwala. Nsombazo ndinalandira, iwo ndinawaperekeza ku siteji tsiku lomwelo dzuwa lisanapendeke.

Ankhoswe abwera kawiri, abusa kamodzi, onse akuti ndakhwimitsa mtima mopitirira. Mwina n'zoona. Ndamva kuti chaka chatha bambowo anayesadi, anafika pa chitunda chachiwiri, n'kukweza njinga pa lole ya makala kubwerera. Ntchito ndikugwirabe, phala silinachedweponso, ndipo ine ndikudikirabe.