Tsiku Limene a Dayirekita Anagwidwa Utengatenga

Ntchito ya uphunzitsi inandipeza ndikuyeza nsalu. Nditamaliza maphunziro ndinasowa kolowera, ndiye ndinkagulitsa m'sitolo ya amwenye m'tauni ya Zomba. Tsiku lina kunabwera a Matola, dayirekita komanso eni ake a sukulu ya pulayiveti ku Sadzi, kudzagula nsalu ya yunifolomu. Atamva kuti ndinaphunzira mbiri yakale anati, "Mubwere Lolemba, ndikuyeseni temu imodzi. Ana akamagona m'kalasi mwanu, mudzabwerera ku sizasi yanuyi."

Anandipatsa Fomu 3, bokosi la choko, dasitala wa sanza ndi mapu a ku Ulaya kokha, Italy atadyedwa ndi chiswe. Mutu unali Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse. Ndinalemba sikimu yaudongo, koma ana ankagona ndithu. Ndikawauza kuti nkhondoyo inafika mpaka ku Karonga, kuti anthu akuno ankagwidwa utengatenga kukasenza katundu wa asilikali ku Tanganyika, ankangoyasamula. "Madamu, imeneyo inali ndewu ya azungu," anatero Esinati, pulifekiti wa pakamwa polasa. Zinkandipweteka, chifukwa anawa ankadutsa pa chipilala cha asilikali m'tauni momwemo osachiyang'ana n'komwe.

Temu ikutha, a Matola anati abwera kudzaonera phunziro langa. Ndinaona sizasi ikundikodola. M'mawa mwake ndinatenga phulusa kukhitchini n'kujambula dziko lonse pabwalo la mpira. Ulaya anali pakati, India kugolo, Tanganyika kuseri kwa zimbudzi, Nyasalande pansi pa mtengo wa mapeyala. Ana ndinawagawa m'magulu a asilikali, ena Ajeremani ena adani awo, ndipo Esinati ndinamuika kukhala wogwira atengatenga. Lamulo linali limodzi: aliyense wopezeka mu Nyasalande asenze njerwa mpaka ku Tanganyika.

Mpando wa a Matola ndinauika ku France kuti aone nkhondo bwinobwino. Koma dzuwa linaswa mtengo, ndipo bamboyo anali wathupi. Ine ndikuleretsa Ajeremani amene anayamba kumenyana zenizeni, iwo ananyamula mpando n'kukakhala pamthunzi wa mapeyala.

Potembenuka ndinaona Esinati ataima pamaso pawo, njerwa ziwiri m'manja.

"Bwana, dzukani. Mukupita ku Tanganyika."

"Iwe mwana, ine sizikundikhudza izi. Ndangokhala pano."

"Anthu a ku Songani amene anagwidwa utengatenga nawonso anangokhala, bwana. Senzani."

A Matola anandiyang'ana, anayang'ana mzere wa phulusa umene unawazungulira, kenako anavula jekete. Anasenza, tayi ali lendelende. Atafika kuseri kwa zimbudzi, Esinati anawauza kuti Ajeremani athawira ku Mozambiki, choncho ulendo ukupitirira mpaka kumpanda. Ana anaseka mpaka kugwa pansi, koma pobwera a Matola sankaseka.

"Tsono amene ankatopa panjira ankatani?" anafunsa akupuma mwa wefuwefu.

Ndinayankha kuti ambiri sanabwerere kwawo, njala ndi matenda zinawatha. Panalibenso woyasamula.

Madzulo anandiitanira ku ofesi, phewa lili psuu ndi fumbi la njerwa. "Madamu, temu ya mawa ndikuguliranitu mapu a dziko lonse. Koma pulifekiti uja asadzandiyandikirenso."

Mapuwo anagulidwadi, ndipo ndikuphunzitsabe. Komatu mpaka lero nkhondo imeneyi sindiiyambira ku France. Ndimayambira pansi pa mtengo, pa munthu amene wangokhala.