Matayala a Mlamu Wanga

Mlamu wanga, mwamuna wa mng'ono wanga, amagula matayala akutha ku Zambia n'kumagulitsa kwa osoka nkhwaira pa Boma. Chaka chimenecho, Khirisimasi itayandikira, anabwera nawo pangolo n'kuwaunjika kuseri kwa nyumba yanga ku Guilleme. Anati kwawo malo achepa. Ndinamuseka kuti munthu wolephera kusunga mphira angasunge bwanji mkazi, iye n'kundibwezera zake monga timachitira pachilamu. Mlamu safunsidwa mafunso ngati ali pachipata cha apolisi, choncho ndinamupatsa mtedza wa panjira n'kutsazikana naye.

Ine ndine telala. Makina anga amakhala pakhonde, ndipo Januwale ndiye mwezi wanga, wa mayunifolomu a ana asukulu. Udzudzu wa miyendo ya mizere yoyera unayamba kundiluma dzuwa likuswa mtengo, ine osaulabadira. Tonse tinakula tikudziwa kuti udzudzu woopsa ndi wausiku, ndipo neti yanga inalibe bowo ngakhale limodzi.

Kenako thupi linatentha, khungu linatuluka zidzolo, mfundo za zala ndi mawondo zikupweteka ngati wina wazisinja ndi musi. Kuchipatala anandiyeza malungo kawiri osawapeza. Adokotala anati mwina ndi imodzi mwa nthenda za mavairasi zimene udzudzu wamasana ukufalitsa m'mayiko ambiri masiku ano, ndipo mankhwala ake enieni palibe, koma opha ululu basi. Atafunsa ngati pakhomo pali madzi odikha ndinakana kwamtuwagalu, poti ine paukhondo sindiuzidwa. Nditafika kunyumba ndinasuzumira m'tayala limodzi, n'kupeza madzi obiriwira, mphutsi za udzudzu zili yakaliyakali.

Kutentha kunatha patapita sabata, koma zala zinakana. Sizasi sinkagwirika, singano inkangogwa. Amayi a ana asukulu anabwera mmodzimmodzi kudzatenga nsalu zawo, mwaulemu, kupita nazo kwa telala wina. Sindinawaimbe mlandu. Mlamu wanganso ndinkamuikira kumbuyo pamaso pa anthu, kuti sanadziwe.

Amene anandiululira zoona zake ndi wazaumoyo amene amayendera midzi panjinga. Ataona mulu wa matayala uja anagwira pakamwa. Anati matayala amenewa ndi omwe anawapeza kwa mlamu wanga, ana awiri kumeneko atadwala mofanana ndi ine. Anati nthawi imeneyo anawakhazika pansi onse, mlamu ndi mng'ono wanga, n'kuwauza kuti aboole matayalawo kuti madzi asamakhalemo, apo ayi awachotse pakhomo pa anthu.

Mng'ono wangayo ndinamulera ndine amayi atamwalira. Diresi lake laukwati ndinasoka ndine. Lamulungu lotsatira anabwera kudzandizonda atanyamula thobwa, ndipo ndinamusiya akhale kaye pamkeka ndisanamufunse. Sanakane. Anati kuboola kukanawononga mphira, osoka nkhwaira sakanagula, ndipo kwina kosungira kunalibe.

"Ndiye munasankha pakhomo panga, osandiuza?"

Anayang'ana pansi, akupotokola nsonga ya chitenje.

"Achemwali, tinaganiza kuti kwa inu kulibe ana."

Sananame. Amene amadziwa bwino zimenezo ndi iyeyo, poti ndiye ankandiperekeza m'zipatala ndi kumapemphero zaka zonse ndinkafunafuna mwana, mpaka mwamuna wanga anatopa n'kundisiya. Zinandiwawa kuposa zala zija. Ndinamuuza kuti anyamule thobwa lake azipita.