Sopo pa desiki yanga

Ndinalowa m'kalasi manja ali m'matumba, koma fungo linali litanditsogolera kale. Chinangwa choviika sichibisika. Fungo lake ndi lowawasa, ndipo limakakamira m'zikhadabo ngakhale utazikwecha ndi mchenga. M'mawa uliwonse ndisanavale yunifomu ndinkatsika ndi amayi kudziwe kukavuula chinangwa, kuchifinya ndi kuchiyanika pamiyala. Ufa wake wa kondowole ndiwo amayi ankagulitsa kumsika wa pa boma. Bambo anali ku Joni. Anasiya kuimba foni ndili Sitandade 6.

Inali teremu yanga yoyamba ku sekondale, nyengo yotentha, mango asanapse. Malata a kalasi ankalira ndi dzuwa, thukuta n'kudzutsa fungo lija. Kutsogolo kunkakhala ana a m'maofesi ndi a eni mashopu. Kondowole ankadya nawonso, koma kudziwe anali asanapondeko. Ndikakhala pansi ankagwira mphuno. Dzina langa linatha, ndinasanduka Kondowole.

Pasukulupo, aliyense wa Fomu 1 ankapatsidwa wa Fomu 4 woti azimuyang'anira mpaka azolowere. Ine anandipatsa Wongani, mwana wa mwini minibasi za ku Mzuzu. Anali wamtali, woyankhula Chitumbuka chosakaniza ndi Chingerezi. Anandionetsa mphunzitsi wosafuna kuchedwa, ndi kalembedwe kothamanga bolodi isanafufutidwe. A Fomu 2 atandigwaditsa kuseri kwa zimbudzi, anabwera n'kundikoka kolala.

"Uyu ndi mng'ono wanga. Womufuna ayambe ndi ine."

Sanagwirepo mphuno. Ndinkamutcha akulu, ndipo chifukwa cha iye ndinkakwera mtunda wa kusukulu.

Lachisanu lililonse tinkakumana tonse pansi pa mtengo wa mango, aang'ono ndi otiyang'anira, kuti aliyense anene chomuvuta. Ena ankanena masamu, ena njala. Ine ndinkati, "Zili bwino, akulu."

Mvula yoyamba itawopseza, ndinajomba masiku angapo kuti chinangwa chiume chisananyowe. Loweruka Wongani anatsika kudzandifuna. Anandipeza m'dziwe, matope m'mawondo. Amayi anamuyalira thumba, n'kumufotokozera zonse m'Chitonga: za bambo, za denga lodontha, za kusowa wowathandiza. Iye ankangogwedeza mutu, nsapato zake zoyera zikumira. Sindinamuuze kuti asakanene. Ndinkayesa mwamuna amadziwa yekha.

Lachisanu Wongani anaimirira pansi pa mango paja, n'kuika dzanja paphewa panga.

"Inu mumamuseka uyu. Mukudziwa kumene amakhala? Bambo ake anawathawa. Inu mukumwa tiyi, iye ali m'matope ndi amayi ake. Denga lawo likudontha. Kondowole mukudyayo ndi manja awa. Muchite manyazi!"

Palibe anaseka. Ndinamva ntchentche zikulira pa mango akugwa. Mtsikana wina anandigwiritsa mandasi ake osandiyang'ana. Mnyamata amene anandipatsa dzina lija anawerama.

Lolemba palibe anagwira mphuno. Anandisunthira malo pabenchi. Pa desiki yanga panali sopo watsopano, ali m'pepala lake, ndipo kalasi yonse inkayang'ana kubolodi mwadala. Wondiseka ndikanamumenya. Nanga sopo, umenya ndani? Ndinakhala naye maso ndi maso mpaka belu la buleki. Kenako ndinatuluka, n'kumusiya pomwepo. Sindinabwererenso.

Ndinayamba kusenza katundu kudoko. Tsiku lina sitima ya Ilala itakocheza, pakati pa matumba a usipa ndi anthu okuwa, ndinaona yunifomu. Wongani anali atathawa kalasi, iye amene sankajomba.

"Mng'ono wanga, ndalakwa chiyani? Si asiya kukuseka?"

Ndinkamanga thumba.

"Sopo uja sindine, Mulungu akuona. Mawa ndidzakutenga kwanu, tikwere limodzi. Ukangopirira teremu ino basi."

Maso ake anali ofiira. Nthawi imeneyo ndinkati wandivula pagulu kuti aoneke wabwino. Lero ndili ndi mwana wamsinkhu umene iye anali nawo, ndipo ndikamuona akudya, ndimaona kuti ndi mwana. Wongani anapatsidwa munthu woti amusunge, popanda womuuza kasungidwe kake. Anaona matope, zinamupweteka, anachita chimene anadziwa. Ndi yekhayo pasukulu yonse amene anatsikapo kudziwe kuja. Sukulu yanga inathera pa teremu yoyamba ya Fomu 1, ndipo katundu ndikusenzabe.

Koma tsiku limenelo izi sindinkazidziwa. Mwini thumba ankandikuwira kuti minibasi inyamuka. Wongani anagwira mbali ina kuti anditwike. Ndinachotsa dzanja lake, ndinadzitwika ndekha, n'kukwera mtunda wa kudepoti.