Kapu ya Ulusi Wofiira

Selestina anafika ku Honde ali kumsana kwa mayi ake, kuchokera kutsidya, ku Mozambiki. Anakulira m'komboni ya esiteti ya tiyi kufupi ndi Samanga, ndipo zaka makumi atatu anazithera m'mizere, dengu kumsana, zala zikuthyola masamba awiri ndi kansonga. Mwamuna wake anamwalira kalekale. Mwana wake mmodzi yekhayo, Naume, anali ku Joni. Chimene anatsala nacho chinali mawu. Loweruka, a mpingo wake wa Apositoli akakhala pathanthwe atavala zoyera, woyambitsa nyimbo anali iyeyo, enawo ankangotsatira.

Mpingowo unali ndi lamulo losakambirana: chipatala ayi. Wodwala amwe madzi opemphereredwa, basi. Wopezeka ndi mapiritsi ankavulidwa mkanjo woyera.

Ndiye mu 2008, chaka chimene m'masitolo munangotsala mashelefu, chotupa chinamera m'bere lake lakumanzere. Madzi aja anamwa mpaka kutopa nawo, chotupa osamva. Naume analumbira kuti mayi ake akapanda kupita kuchipatala ku Harare asadzamutchenso mwana wawo. Selestina anapita, ndipo anamupeza ndi khansa. Mankhwala ake Naume ankatumiza pa basi, poti m'zipatala munalibe. Kumpingo Selestina ankanama kuti akukazonda mlongo wake, mlongo wodwala mosunga nthawi, milungu itatu iliyonse. Mankhwala a m'dilipi anamuthothola tsitsi lonse, koma duku linamusungira chinsinsi.

Chifuwa ndiye sichivala duku. Chinayamba atalandira dilipi yachinayi, chouma, chosatulutsa kanthu, ndipo kamtunda kopita kusikelo yoyezera tiyi ankakamaliza ali wefuwefu. Dokotala atamuyeza anati si TB, mankhwala omwewo ndi amene atupitsa mapapo, zimachitika kwa ena. Anaimitsa dilipi, namupatsa mapiritsi.

"Simungapatsire munthu, amayi," anatero dokotalayo. "Ngakhale khanda mukhoza kulinyamula."

Koma kukomboni madokotala analipo khomo lililonse. Munthu kuonda chonchi, ndi kutsokomola komwe? Anagamula okha kuti ndi TB, ena n'kuwonjezera ndi maso zimene pakamwa pankaopa kutchula. Pa nthawi yopuma kumunda wa tiyi, amayi a mpingowo ankamwera mahewu m'kapu imodzi yozungulira. Tsiku lina Tabeth, mnzake wothyola naye mzere umodzi zaka zonsezi, anamupatsa kapu ina, yomangidwa ulusi wofiira pachogwirira.

"Musatikwiyire, vakoma," anatero Tabeth, akumutchula mkulu wake m'chinenero cha kumeneko, uku akuyang'ana kumbali. "Tikuopera ana."

Pathanthwe anayamba kumusiyira malo aakulu mbali zonse. Akayambitsa nyimbo, mpweya unkamuthera mzere woyamba usanathe, mpaka mayi wina anatenga malo ake. Zinamupweteka kwambiri Selestina. Mawu omuyeretsa anali nawo, koma m'mawumo munali chipatala. Akakhala chete, mkanjo ukhalabe wake, koma aziuvala ali yekhayekha. Akanena, anthu amuyandikira, mkanjo upita. Anakhala chete miyezi iwiri, akudya yekha, akucheza ndi nkhuku zake.

Kenako kwa Tabeth kunabadwa mdzukulu. Ana onse a Tabeth, woyamba kuwanyamula anali Selestina. Anapita ndi phava la nthochi, koma anamulandirira pakhomo, khanda likulira m'kati. Anabwerera misozi ili m'maso.

Loweruka, pa nthawi youlula machimo, anaimirira n'kuvula duku. Mutu unali mbee. Anafotokoza zonse: bere, Harare, dilipi, mlongo wabodza uja, ndi mawu a dokotala. Anapumira kanayi asanamalize. Baba Obadiya, mkulu wa mpingo, anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anatambasula manja. Selestina anavula mkanjo, naupinda bwinobwino monga ankachitira akauchapa, n'kuupereka. Potsika phiri ndi diresi wamba, mtima unali utapepuka. Tsopano adziwa, anatero mumtima, Lolemba ndimwa nawo.

Lolemba mahewu anabwera. Amayi anakhala pafupi naye ndithu, wina mpaka anamugwira paphewa. Kapu inazungulira, inafika kwa Tabeth, n'kumudumpha iye. Tabeth anapisa m'thumba, natulutsa ya ulusi wofiira ija.

"Tamva kuti si TB, vakoma. Pepani, tinakulakwirani," anatero motsitsa mawu. "Koma Baba ati wovulidwa mkanjo sitimwera naye kapu imodzi. Kunyumbanso asalowe."

Selestina anaiyang'ana kapuyo kanthawi. Anamwa mahewu onse, anaitsuka yekha, n'kubwerera kumzere wake. Khanda lija ankangolionera patali, mpaka linayamba kukwawa.