Gudumu la Malume ndi Nyimbo ya Chipani

Linali gudumu la njinga lopanda tayala, lokhomeredwa pa bokosi la matabwa. Malume ankalisunga m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba yathu ku Kabwata, chilimwe chija ndege za nkhondo zinkadutsa pamwamba pa Lusaka, aliyense n'kumaona kazitape mwa mnzake. Masana ankakonza mawailesi pa sitolo ina ku Kamwala. Akaweruka ankabwera ndi zotolatola: sipuling'i ya bedi, chivundikiro cha poto, kachitsulo kolankhulirapo ka telefoni yakufa. Kachitsuloko ankakamangirira pa chinthu chilichonse, waya wake n'kuulowetsa m'wailesi yakale, basi chinthucho n'kuyamba kulira.

Kaliridwe kakeko ndi kamene kankandizunguza mutu. Akakhudza masipoko a gudumu ndi nthenga ya nkhuku, wailesi inkawaza ngati mvula pa malata. Sipuling'i inkangobuula. Tsiku lina anamangirira kachitsuloko pa paipi ya madzi, ndipo tinamva a nyumba yoyandikana nafe akutsegula mpope, mkokomo wake ukubwera pansi pa nthaka mpaka kunjenjemeretsa mano. Malume ankatsinzina, ine ndikudikira kuti nyimbo iyambe, koma sinkayamba. "Mvela chabe," ankatero. Ndinkamvera mpaka makutu kuwawa, osadziwa ngati ndiseke kapena ndithawe. Lero nthawi zina ndimati anali katswiri, nthawi zina ndimati anali munthu wosungulumwa wokhala ndi mawaya ambiri. Sindinagamulebe.

Amayi analibe nthawi yosinkhasinkha zimenezo. "Bazakutenga iwe, leka," ankauza mlongo wawoyo. Masiku amenewo munthu wotengedwa chifukwa cha mawaya sankadziwika tsiku lobwerera.

Anabweradi Loweruka lina dzuwa lili paliwombo, tcheyamani wa Chipani cholamula wa m'dera lathu ndi anyamata ake, anthu oyandikana nafe ali pambuyo.

"Mukamba na ndani mu mawaya aya?" anafunsa tcheyamaniyo.

"Sinikamba na munthu, ba tcheyamani. Ni nyimbo."

"Lizani timvele."

Malume anatulutsa bokosi lawo pabwalo n'kuliza zawo zomwe zija, nthenga, sipuling'i, chivundikiro. Anali atatsinzina, choncho sanaone mmene nkhope zinkaumira. Mnyamata wina anati amenewo ndi mawu achinsinsi otumiza kwa adani, mnzake n'kuwagwira lamba wa thalauza kumbuyo. Ndinaopa kwambiri. Choipa n'chakuti nanenso mumtima ndinayamba kukayika, poti nyimboyo sindinaimvepo chiyambire.

Amayi sanagwade, sanalire. Anangoyandikira malume n'kunena motsitsa, "Liza yamene baziba."

Malume anayang'ana pansi. Kenaka anapempha kuti awasiye lamba, natenga pulayala, n'kuyamba kumangitsa sipoko iyi, kumasula iyo, akuyesa ndi chala. Atatha anakodola masipokowo imodziimodzi, ndipo m'wailesi munatuluka nyimbo ya Chipani imene tinkaimba kusukulu m'mawa uliwonse. Inali yopotokapotoka, komabe inali yomweyo. Amayi ena anayamba kuimbira, ena kululutira, anyamata aja akuwomba m'manja.

"Kansi ni banjo chabe," anatero tcheyamani akuseka, n'kuwapatsa dzanja.

Kuyambira pamenepo pa msonkhano uliwonse wa Chipani ankatumizira malume uthenga kuti abwere ndi banjo yawo, nyimbo yake imodzi yomweyo. Ine ndinkayenda mapewa m'mwamba kusukulu, malume anga atatchuka. Koma m'kachipinda kaja munati zii. Akabwera ku msonkhano ankaika bokosi pakona n'kugona chafufumimba, nsapato zili kuphazi. Tsiku lina ndinawaimbira nyimboyo pakhomo kuti ndiwasangalatse, iwo n'kundipempha mofatsa kuti ndikasewere kunja.

Ndinatuluka nditakhumudwa, ndikudzifunsa chimene chinkawavuta munthu amene sanatengedwe, amene Kabwata yense ankamudziwa dzina. Pa msinkhu umenewo ndinkayesa kuti anthu akakuwombera m'manja ndiye kuti akumva.